Khutu Losaweruza: Funso la Amayi a M'makomboni a ku Raffingora

Raffingora ndi katauni kakang'ono ka m'boma la Zvimba, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, kozunguliridwa ndi mafamu a fodya ndi chimanga. M'makomboni a mafamu amenewa Chichewa chakhala chikumveka kwa mibadwo ingapo, pakuti ambiri mwa amene anagwetsa mitengo, kuwokera fodya ndi kumusankha m'zigafa anali matchona ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia. Ena anafika wapansi, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi. Adzukulu awo alipo mpaka lero, ndipo pakati pawo, monga zilili m'mudzi uliwonse wa kum'mwera kwa Africa, pali amayi ndi atsikana amene anachotsapo mimba mobisa.

Nkhani ino siikufuna kugamula ngati kuchotsa mimba n'koyenera kapena ayi. Mkangano umenewo uli ndi mabwalo ake. Funso lake likuyambira pamene chinthucho chachitika kale, magazi aleka, mayi wabwerera kuchigafa. Kodi n'kotheka kumumvetsera munthu wotere popanda kumuweruza? Ndipo ngati n'kotheka, kodi n'koyenera, kapena kutero ndiko kulekerera choipa?

Lamulo ndi zochitika

Ku Zimbabwe nkhani yochotsa mimba imayendera lamulo la 1977, la m'nthawi ya Rhodesia. Lamuloli limalola kutero pokhapokha moyo wa mayi uli pangozi, thanzi la thupi lake likhoza kuwonongekeratu, mwana akhoza kubadwa ndi chilema chachikulu, kapena mimba yabwera chifukwa chogwiriridwa kapena kugonana pachibale. Pa chifukwa chomalizachi pamafunika chikalata cha majisitireti. Malamulo aakulu a dziko a 2013 nawo amanena kuti moyo wa mwana wosabadwa utetezedwe, ndi kuti mimba ichotsedwe potsata lamulo lokha. Mu November 2024 bwalo lalikulu la ku Harare linapeza kuti lamulo la 1977 linkalakwira atsikana osakwana zaka 18 ndiponso amayi ogwiriridwa ndi amuna awo powatsekera kunja kwa chilolezocho.

Ngakhale chilolezo cholembedwa chimavuta kuchigwira m'manja. Mu April 2006 mayi wina wa ku Chegutu, m'chigawo chomwecho cha Mashonaland West, anagwiriridwa ndi achifwamba. Pakati pa apolisi ndi dokotala, maola 72 amene mankhwala oletsa mimba amagwira ntchito anadutsa. Chikalata cha majisitireti chinatuluka kumapeto kwa September, chipatala n'kunena kuti mimba yakula, ndipo mayiyo anabereka mu December. Mu 2014 bwalo la apilo linagamula kuti boma linali ndi mlandu polephera kuletsa mimbayo, koma kuti udindo wofunafuna chikalata unali wa mayi mwiniyo. Ngati mayi wa m'tauni, wodziwa pamene pali polisi ndi bwalo, anapunthwa chotere, nanga mtsikana wa pakomboni amene ndalama ya basi yopitira ku Chinhoyi ndi malipiro a masiku angapo a ganyu?

Kafukufuku wa bungwe la Guttmacher ndi University of Zimbabwe anayerekeza kuti mu 2016 mimba zoposa 65,000 zinachotsedwa m'dzikomo, zochuluka zedi mobisa. Ku Malawi, kumene malamulo a chitsamunda amaopseza mayi ndi ukaidi wa zaka 7 ndipo womuthandiza zaka 14, kafukufuku wofanana ndi ameneyu anapeza mimba 141,000 mu 2015. Tanthauzo la ziwerengerozi n'losavuta: m'bungwe lililonse la amayi a mvano, pa mzere uliwonse wa osankha fodya, muli wina amene wasenza nkhaniyi yekha.

Moyo wa pakomboni

Chisanafike chaka cha 2000, mafamu akuluakulu a ku Zimbabwe ankalemba antchito oposa 300,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi anali wa mtundu wochokera kunja. Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Blair Rutherford, amene anachita kafukufuku wake m'mafamu a ku Hurungwe, anasonyeza kuti pafamu lamulo lenileni linali la mwini famu ndi akapitawo ake, osati la boma. Nyumba inkapita ndi ntchito, ndipo ntchito yokhazikika inali ya amuna. Amayi ambiri ankalembedwa nyengo ya fodya yokha. Choncho denga la mayi linkadalira mwamuna, ndipo ganyu wake ankadalira kapitawo. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kunachotsa ntchito zambiri, pamene antchito amene analandirako malo anali ochepa kwambiri. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri mwa adzukulu a matchona opanda dziko, ndipo ngakhale malamulo a 2013 anawabwezera ufuluwo, si onse amene chitupa chinawafika m'manja.

Pali kanthu kena kamene ziwerengero sizitchula. Kwawo kwa Achewa mayi amakhala pakati pa mbumba yake: amayi ake, achemwali ake, ndi malume amene ndiye nkhoswe yake. Mwamuna ndiye mlendo, mkamwini. Ulendo wa ku Rhodesia unatembenuza dongosolo limeneli. Pakomboni mayi ndiye anakhala mlendo m'nyumba ya ntchito ya mwamuna, malume ali kutsidya kwa Zambezi. Mtsikana wa lero amene watenga mimba ya mwamuna wokana, kapena ya munthu amene ali ndi mphamvu pa ganyu wake, kawirikawiri alibe wamkulu wa kuchikazi woti amuululire. Makoma a pakomboni ndi opyapyala, mjigo ndi umodzi, ndipo mawu onenedwa m'mawa amafika kuchigafa dzuwa lisanafike pamutu.

Zimene chilankhulo chimaulula

Chichewa chili ndi mawu awiri a chinthu chimene thupi limachidziwa ngati chimodzi. Mimba ikachoka yokha amati mayi wapita padera, mawu ofewa, osaloza munthu chala. Ikachotsedwa amati wachotsa kapena wataya mimba, ndipo mneni amaika mlandu wonse pa mayiyo. Mwamuna amene anapereka mimbayo saoneka n'komwe m'chiganizo. Kuchipatala, namwino akamapopa zotsalira m'chiberekero, ntchito ndi imodzimodzi kwa onse awiri. N'chifukwa chake amayi ambiri ochotsa mimba amafika kuchipatala atavala mawu oyamba aja ngati chitenje. Amalandira mankhwala, koma chitonthozo chimene angalandire chimakhala cha nkhani imene si yawo.

Chodabwitsa kwambiri chili pa mneni kulanga. Nankungwi amalanga namwali, ndipo mfumu imalanga wakuba. Ku tsinde limodzi lomweli kumachokera malango, malangizo, mlangizi ndi chilango. Chilankhulo chikuulula kuti pa mwambo wa Achewa kupereka nzeru ndi kudzudzula zinakulira m'nyumba imodzi: wolangiza amakhala pamwamba, wolangizidwa amagwada, amawomba m'manja, sayankha. Ndiye mayi akauzidwa kuti akaonane ndi alangizi, khutu lake limamva kale kununkha kwa chilango.

Koma Chichewa chomwecho chili ndi tsinde lina lolemera. Kumva ndi ntchito ya khutu, komanso munthu amamva ululu, amamva chisoni, amamva tanthauzo la mawu. Ku tsinde limeneli kumachokera kumvera, kumene kuli kugonjera lamulo. Kumvetsa, kumene kuli kuzindikira. Ndi kumvetsera, kumene kuli kutchera khutu mpaka wolankhula atsirize. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa aneni amenewa amene amatanthauza kuvomereza. Mwana wa Mchewa amadziwa kuti angathe kumvetsera mlandu wonse pabwalo osagwirizana ndi mbali iliyonse. Motero maganizo oti kumvetsera n'kosiyana ndi kuvomereza ndi akale m'chilankhulochi; chimene chinasowa ndi malo oti agwire ntchito pa nkhani imeneyi.

Mwambo wa mtayo nawo uli ndi phunziro la mbali ziwiri. Khanda lobadwa lakufa, kapena mimba yochoka, ankaika ndi amayi akuluakulu okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira kapena nyimbo za maliro. Ntchembere zimenezi zinkasunga chinsinsi, zinkasamalira thupi la mayi, ndipo zinkamuuza nthawi yodikira asanabwerere kwa mwamuna wake poopa mdulo. Zinkateteza mudzi ndi mbiri ya mayiyo. Komabe mwambowo sunkafunsa zimene zinali mumtima mwake, ndipo chisoni chake unkachikwirira limodzi ndi mtayowo.

Kumene ntchitoyi yachokera

Msonkhano wa mayiko wa ku Cairo wa 1994 unagwirizana kuti, lamulo la dziko linene zotani, mayi amene wavulala pochotsa mimba alandire chithandizo chabwino pamodzi ndi uphungu. Zimbabwe ndi Malawi onse anatsata mfundoyi, ndipo chithandizo chimenechi n'chololedwa m'zipatala zawo. Koma m'wodi yodzaza, uphungu umathera pa njira zakulera.

Ntchito yosamala mtima wa mayi inakulira padera, kuchokera ku mbali ziwiri zosiyana. Mu 1984 Vicki Thorn anayambitsa Project Rachel mu mpingo wa Katolika ku Milwaukee, pofuna kuyanjanitsa amayi otere ndi Mulungu ndi mpingo; kumeneko poyambira ndi pakuti tchimo lachitika ndipo chikhululuko chilipo. Mu 2000, ku Oakland m'chigawo cha California, Aspen Baker ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Exhale, limene linatsegula foni yake mu 2002. Lamulo lawo linali loti woyankha foni asatenge mbali pa mkangano wa ndale, ndipo agwiritse ntchito mawu amene woimbayo wasankha: akati mwana, nayenso ati mwana, akati mimba, ati mimba. Ntchitoyi inayamba ya dera limodzi, kenaka inafalikira dziko lonse la America. Maganizo ofanana ndi amenewa akupezeka m'chiphunzitso cha Carl Rogers, amene mu 1957 analemba kuti munthu amasintha pamene womuthandiza wamulandira popanda kumuikira malire.

Chitsanzo chapafupi ndi Raffingora chili ku Harare. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench ku Mbare patangopita nthawi yochepa chichitikire Murambatsvina wa 2005. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'deralo kukhala pa benchi panja pa kiliniki ndi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Sitepe yoyamba amaitcha kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo. Kafukufuku wa anthu 573 amene anasindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti patatha miyezi 6 amene anakhala pa benchi anali atapepukidwa kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Benchi imeneyi sinakhazikitsidwe chifukwa cha nkhani ya mimba ayi, koma inatsimikiza chinthu chofunika: ntchembere, imene mwambo unaiphunzitsa kulanga, ingathe kuphunzira kumvetsera.

Zotsutsa zitatu

Wotsutsa woyamba ndi munthu wa chikhulupiriro, amene amaona mimba ngati moyo wa munthu. Kwa iye kukhala chete pamaso pa wochotsa mimba kuli ngati kuona nyumba ikupsa n'kumayamikira kuwala. Chotsutsachi n'cholemera, ndipo sichiyenera kunyozedwa. Komabe chimasokoneza zinthu ziwiri: kukhala ndi chiweruzo mumtima, ndi kuchipereka pa nthawi imene munthu wabwera kudzalira. Namwino amene amadana ndi uchidakwa amasoka bala la woledzera popanda ulaliki, ndipo palibe amati walekerera mowa. Mlangizi wosaweruza safunsidwa kutaya chikhulupiriro chake. Amafunsidwa kudziwa ntchito imene wakhalira pa benchi. Ndiponso chiweruzo chimene mayiyo angamve kwa iye anachimva kale kutchalitchi, kumjigo ndi mumtima mwake usiku uliwonse. Chimene sanachipeze ndi munthu woti amve nkhani yonse: za mwamuna amene anathawira ku Mutorashanga, za ana atatu ogona ndi njala, za kapitawo. Ngati kulapa kulipo, kumabadwa mwa munthu amene wapeza malo onenera zoona, pakuti woopa amangodziteteza. Ngakhale mpingo wa Katolika, umene sunasinthe chiphunzitso chake, unazindikira zimenezi pamene Papa Francis mu 2016 anapatsa ansembe onse mphamvu yokhululukira tchimoli, kuti khomo lisakhale lopapatiza.

Wotsutsa wachiwiri amachokera ku mbali inayo. Iye amati kukhazikitsa ntchito yotonthoza ndiko kuvomereza kuti kuchotsa mimba ndi bala, pamene amayi ambiri amamva kupepukidwa. Ali ndi umboni: kafukufuku wa Turnaway wa ku University of California, San Francisco anapeza kuti patatha zaka 5, amayi oposa 95 pa 100 aliwonse ankanena kuti anasankha bwino. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amene ankavutika kwambiri mumtima anali aja amene anavutika posankha, ndi aja amene ankaona kuti anthu a kwawo angawanyoze. Pakomboni zonse ziwiri zilipo, kuwonjezapo mantha a apolisi ndi ululu wa njira zobisika. Apa ndi pamene kusaweruza kumaonetsa kuti kumaluma mbali zonse. Wouza mayi kuti palibe chimene walakwa, pamene iye akulira mwana amene anali atamutcha kale dzina mumtima, wamuweruza chimodzimodzi ndi womutcha wakupha, pakuti onse awiri amuuza zimene ayenera kumva. Mayi wina amapepukidwa, wina amalira, wina amachita zonse ziwiri tsiku limodzi, ndipo wina amaopa mzimu wobwezera umene anansi ake a Chishona amautcha ngozi. Khutu losaweruza limalandira zonsezi monga zilili.

Wotsutsa wachitatu amati zimenezi n'zachilendo, za anthu okhala ndi foni yawoyawo ndi chipinda chotseka. Mbali ina akunena zoona. M'nyumba zambiri za pakomboni foni ndi imodzi ndipo imagona m'thumba la bambo. Nambala yoimbidwa imasiya mapazi. Chotengera cha ku Oakland sichingafike ku Raffingora chosasinthidwa. Koma chimene chili m'kati mwake si chachilendo kwa anthu amene amati kali kokha n'kanyama, ndiponso amene pamaliro amakhala pansi ndi ofedwa usiku wonse osafunsa ngati malemu anali munthu wabwino. Kukhala maliro ndiko kumvetsera kopanda chiweruzo kumene Achewa amakudziwa kale. Funso ndi lakuti chifukwa chiyani mwambo umenewu umathera pakhomo la mayi uyu yekha.

Malire a kusaweruza

Kusaweruza kuli ndi malire ake, ndipo kukapanda malirewo kumasanduka ulesi wa chikumbumtima. Malire oyamba ndi a thupi: mayi amene akutaya magazi kapena watentha thupi ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo womvetsera amene angogwedeza mutu walephera ntchito yake. Achiwiri ndi a mlandu wa ena. Mtsikana wa zaka 14 akaulula kuti mimba inali ya bambo womupeza, kusamuweruza iye sikutanthauza kutseka maso pa wogwirirayo. Mabungwe monga Musasa, limene lakhala likuthandiza amayi ozunzidwa ku Zimbabwe kuyambira 1988, alipo chifukwa cha nkhani zotere. Achitatu ndi a chinsinsi. M'dziko limene kuchotsa mimba kunja kwa lamulo ndi mlandu wa ukaidi, mawu otuluka pa benchi angathe kumangitsa munthu. Choncho benchi yolembedwa kuti ndi ya ochotsa mimba ingakhale msampha. Iyenera kukhala ya aliyense wolemedwa mtima, wofedwa, wangongole, wodwala, kuti wokhalapo asadziwike chimene chamubweretsa.

Palinso malire a chilankhulo. Munthu amalira m'chilankhulo chimene anayamwa. Mdzukulu wa tchona amalankhula Chishona kusukulu ndi kumsika, koma mawu a mtayo, mdulo ndi mbumba anawamva kwa agogo ake, ndipo mantha ake amakhala m'mawu amenewo. Malamulo a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka ku Zimbabwe. Kuvomerezedwa kumeneku kudzakhala ndi phindu pamene mayi wa ku Raffingora adzapeza womumvetsera amene sadzaseka kalankhulidwe kake kapena kumukumbutsa kuti ndi mlendo, pakuti kunyozedwa chifukwa cha mtundu ndi chiweruzo china chimene wakhala akuchisenza chibadwire.

Choyenera

Yankho la funso loyamba lija likuoneka tsopano. Kumvetsera popanda kuweruza n'kotheka, chifukwa agogo a ku Mbare akuchita, ndipo Chichewa chili ndi mneni wake. N'koyeneranso, pa zifukwa zimene wokhulupirira ndi womenyera ufulu onse angazilandire popanda kusiya zimene amakhulupirira. Amene amati moyo ndi wopatulika ali ndi moyo wina patsogolo pake, wa mayi amene mantha angamuchedwetse kupita kuchipatala mpaka chiberekero chiwole. Amene amati mayi ali ndi ufulu ayenera kulemekezanso ufulu wake womva chisoni. Chiweruzo chili ndi malo ake ku nyumba ya malamulo, ku bwalo la milandu ndi pa guwa, kumene anthu amakangana za lamulo lokhudza onse. Pa benchi pamakhala munthu mmodzi ndi nkhani imene yachitika kale, imene palibe chigamulo chingaibweze.

Zofunika kuti ntchito yotere imere pakomboni si zambiri: ntchembere ziwiri kapena zitatu zodziwika kuti sizitaya mawu, maphunziro a masabata ochepa, namwino wa pakiliniki amene angalandire wotumizidwa popanda mafunso a apolisi, ndi abusa ololera kuti amayi a mumpingo mwawo agwire ntchitoyi. Chovuta ndi kusintha chizolowezi cha lilime, kuti nankungwi amene wakhala zaka 40 akulanga aphunzire kufunsa kuti, “Mwana wanga, zinakhala bwanji?” kenaka n'kudikira yankho lonse.